Mkamwini Amene Ankaopa Kamera

Lolemba lina m'mwezi wa Meyi, chaka cha 2003, anthu amene anadzukira kuonera nkhani za m'mawa pa kanema anaona zachilendo. Nyimbo yotsegulira inalira bwinobwino. Kenako panaoneka a Mateyo Kamphinda, jekete yakuda, tayi wofiira, mapepala m'manja, monga mwa masiku onse. Anatsegula pakamwa kuti apereke moni, koma m'malo mwa moniwo munthu uja anayamba kutsika. Anatsika pang'onopang'ono ngati ndowa yolowa m'chitsime. Tayi anasowa, chibwano chinasowa, mphuno nayo inapita, mpaka panangotsala mpando wopanda munthu ndi kansonga ka mutu kakusuzumira kuseri kwa tebulo. Ndiye kunamveka kuomba m'manja katatu, phu phu phu, ndi mawu aulemu ochokera pansi: "Mwadzuka bwanji nonse. Nazi nkhani."

Nkhani ya mitengo ya fodya ku okushoni ndi ya mlatho wina wogumuka anaziwerenga ali chinjutire pansi. Mawu okha sanagwedezeke ngakhale pang'ono. Wojambula anatsitsa kamera kuti awatsate, koma anangopeza mwendo wa tebulo ndi nsapato yopolishidwa bwino.

Anthu a ku Blantyre anati mpando wathyoka. Bwana wa a Mateyo, a Aleck Chimbalanga, nawo anati mpando wathyoka, ndipo anakalipira a zogulagula mpaka thovu kukamwa. A Mateyo sanatsutse. Mpando wosalakwa uja anakauponya kuseri kwa ofesi, pakabwera wina watsopano.

Chimene chinathyoka sichinali mpando. Kutatsala mphindi ziwiri kuti alowe, mayi wolandira telefoni anawapatsa kapepala kolembedwa mothamanga: "Akazi anu aimba kuchokera ku Mkanda. Akuti a Abbasi agula kanema m'sitolo mwawo, ndipo mayi awo akhala kutsogolo penipeni kuti akuoneni."

Mayi a akazi awo. Apongozi. Ndipo iwo ali pa mpando, miyendo yotambasula, akufuna kuwayang'ana m'maso.

A Mateyo anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi mishoni ya Guilleme, mwana wachisanu wa mlimi wa mtedza amene ankayankhula kawiri pa sabata. Mawu onse amene bamboyo anasunga anawatenga ndi mwanayu. Ali folomu 2 anali atayamba kale kuwerenga m'tchalitchi, ndipo azimayi okhala kumbuyo ankati akawerenga Mateyo ndiye amamva kuti lero akudzudzulidwa za chiyani. Atamaliza sukulu anakaphunzitsa pa pulayimale ina ku Mkanda. Matipate atafika mu 1994, zipani zinkasowa munthu wa mawu omveka pa chimkuzamawu, ndipo a Mateyo analengeza msonkhano wa chipani chilichonse chimene chabwera ndi batire. M'mawa ankaitanira anthu kwa awa, masana kwa awo, mawu ake omwewo, nkhope yake yomweyo. "Ine ndimangonena malo ndi nthawi," ankatero akafunsidwa. Amene anamuvotera sakudziwika mpaka lero, ngakhale kwa akazi awo.

Akazi awowo ndi a Stelia, mwana wa a Nankhoma, mayi wamasiye wolima fodya ndi mtedza m'mudzi wa makilomita atatu kuchokera pa Mkanda. Anakwatirana chaka cha matipate chomwecho, ndipo a Mateyo anakamanga nyumba kwa mkazi monga achitira akamwini. Ndiye ukamwini wawo unali wa mtundu umene masiku ano umasowa. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sakhala pa mpando iwo alipo, sakumana nawo pa njira. Ena amachita zimenezi chaka choyamba, mwana akabadwa n'kuyamba kufewetsa. A Mateyo ayi. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mudzimo, a Mateyo ankawadziwa a Nankhoma ndi mapazi, chifuwa chawo cha m'mawa, ndi msana. Tsiku lina akuchokera kusukulu pa njinga anamva chifuwa chija chikubwera kutsogolo, ndipo anakhotera m'tchire osayang'ana kuti muli chiyani. Munali chitedze. Anakanda masiku atatu, koma mbiri yawo inakwera. A Nankhoma ankaima pa mjigo n'kumauza anzawo kuti akamwini a anthu ena amathawira m'chimanga, wawo amathawira m'chitedze.

Za kanema anaziona a Stelia, pa nyuzipepala imene a Abbasi anakulungiramo sopo. Ankafuna munthu wowerenga nkhani za m'mawa m'Chichewa. A Mateyo anakwera basi ya ku Blantyre atabwereka jekete ya mphunzitsi mnzawo, manja ake aafupi. Kumeneko anapeza anthu a masuti enieni ndi Chingelezi cha m'mphuno. Koma atawapatsa pepala, anzawo aja Chichewa anachiwerenga ngati akuyenda pa minga, pamene a Mateyo anachiwerenga ngati munthu amene akukuuza nkhani pa mpanda. Anawalemba ntchito mu 2000.

Anawaphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu: nyali yofiira ikayaka, yang'anani m'diso la kamera ngati mukuyang'ana mnzanu. Sizinawavute. Ankadziwa kuti kwawo kulibe munthu ndi mmodzi yemwe wa kanema, choncho diso lija kwa iwo linali ngati pansi pa botolo basi. Zaka zitatu analiyang'ana mosaphethira. Makondakitala a minibasi anayamba kuwaitana kuti "bwana Nazi Nkhani", ndipo azimayi a pa msika ankawaonjezera tomato. Anali munthu wokhutira, mpaka a Abbasi atamangirira eriyo pa mtengo wa bulugamu n'kulumikiza kanema ku batire la galimoto.

Lachiwiri, tsiku lotsatira ngozi ija, a Mateyo anakhala pa mpando watsopano n'kuugwiritsitsa ndi manja onse awiri kuti thupi lisatsikenso. Thupi linamvera. Maso ndiwo anakana. Nyali itayaka, anaona m'diso la kamera muli a Nankhoma, ndipo mutu unazyolika wokha. Anawerenga nkhani zonse akuyang'ana pepala. Lachitatu anayesa kuyang'ana kumanzere, kumene kunali chitseko. Lachinayi anayang'ana kudenga, ngati munthu amene akuyembekeza kuti nkhani yotsatira igwa kuchokera kumeneko. Sabata yachitatu makalata anayamba kufika. Woonera wina wa ku Zomba analemba mzere umodzi wokha: "Kodi bambo wa nkhani za m'mawa uja anaba chiyani?"

A Chimbalanga anawaitanira mu ofesi. Iwo anakulira m'tauni, ndipo apongozi awo ankakhala nawo nyumba imodzi, kulimbirana nawo mpando wabwino wa pa balaza.

"A Kamphinda, khosi likupweteka?"

"Ayi bwana."

"Maso?"

"Maso ali bwino bwana. Kungoti apongozi anga akumaonera."

"Ndiye n'zabwinotu! Anganso amaonera."

"Anuwo mumawayang'ana kumaso, bwana?"

"Ndikapanda kuwayang'ana amanditengera nyama m'mbale." A Chimbalanga anaseka okha, kenako anaona kuti mnzawo sakuseka. "Mukunena zoona? Dziko lonse lizionera pamwamba pa mutu wanu chifukwa cha mayi mmodzi wa ku Mchinji?"

"Si mayi mmodzi bwana. Ndi apongozi."

"Tamverani. Ndimakukondani, ndipo mawu ngati anu kulibe. Koma kanema si wailesi. Ndikukupatsani mpaka Lolemba lomaliza la Juni. Tsiku limenelo mukapanda kudzutsa nkhope, mupita kuchipinda cha matepi kukalemba manambala pa makaseti. Mpando umenewo akuusirira anthu atatu."

Chipinda cha matepi a Mateyo ankachidziwa. Chinalibe zenera, ndipo munthu amene ankagwiramo ntchito anali atayamba kuyankhula ndi makaseti.

A Stelia atabwerako kumudzi, kumene anapita kukakumba mtedza, anapeza amuna awo atatha ngati munthu wodwala malungo.

"Bambo a Chipiliro, nanga si kabokosi chabe? Amayi ali ku Mkanda, inu muli kuno."

"Akumandiona?"

"Akumakuonani."

"Ndiye ndili kuno bwanji?"

A Stelia anafotokoza mmene zinthu zinalili. A Nankhoma ankadzuka kusanache bwino, kuyenda makilomita atatu aja m'mame pamodzi ndi a Dyna oyandikana nawo nyumba, kuonera nkhani, kenako kubwerera kukagwira ntchito. Sanajombepo. A Abbasi anali atayamba kugulitsa tiyi ndi masikono pa khonde, ndipo a Nankhoma anawasungira malo awoawo pa benchi.

"Mayi a Chipiliro, simungawauze mwaulemu kuti azipuma? Kukuzizira masiku ano."

"Ine ndikauze amayi anga kuti asamaone mkamwini wawo amene dziko lonse likumuona? Kauzeni nokha."

Anayesa nzeru zina. Anabwera ndi magalasi akuda. A Chimbalanga anawavula okha ndi manja awo. Anayesa kudziuza m'mawa uliwonse kuti lero batire la a Abbasi latha moto, ndipo kwa masiku awiri mutu unakwera pang'ono, mpaka mphumi kuoneka. Tsiku lachitatu a Abbasi anaimba telefoni ndi chimwemwe chonse. "Aphunzitsi, musadandaule! Ndagula batire lachiwiri. Amayi sadzaphonya ngakhale tsiku limodzi, ndalumbira." A Mateyo anathokoza ndi mawu a munthu amene wauzidwa za maliro.

Loweruka lomaliza la Juni anakwera basi. Lilongwe, Mchinji, matola mpaka pa Mkanda, kenako njinga yobwereka. Anafika masana, a Nankhoma ali m'chigafa akusankha fodya. Sanalowe. Ananjuta kunja, kuseri kwa khoma la udzu, nkhope kuloza ku mapesi a chimanga. Pakati pa iwo ndi apongozi panali udzu wokhawo, woti ngakhale kupuma kumamveka. Koma mkamwini sayankhula ndi apongozi mwachindunji, choncho anatumiza mawu kwa a Dyna kuti adzanyamule nkhani. A Dyna, mayi wophika thobwa amene pakamwa pake panalibe buleki chibadwire, anafika akupukuta manja n'kuima pa khomo la chigafa ngati wapolisi wa pamsewu.

"Mayi Dyna, auzeni amayi kuti ndabwera kudzapepesa."

"Akuti abwera kudzapepesa," anatero a Dyna mokweza, ngati a Nankhoma ali ku Chipata. "Koma ndikuona abwera chimanjamanja."

"Shuga ali pa njinga!"

"Akuti shuga alipo. Sitinamuone, koma akuti alipo."

"Alandiridwa," anayankha mawu a m'chigafa. "Afunseni alakwa chiyani."

A Mateyo anafotokoza zonse, ndipo a Dyna ankabwereza chiganizo chilichonse atathirako mchere wawo. Anati kuyambira Meyi akhala akukhala pa mpando pamaso pa apongozi, chinthu chimene sanachitepo. Anati maso okha ndiwo awasunga, koma bwana wawo akufuna masowo Lolemba. Anati m'basi monse amaganiza zopempha amayi kuti asiye kupita kwa a Abbasi, koma pofika pa Mkanda anaona kuti pempho lotere silingatuluke m'kamwa mwawo. Amayi apitirize kuonera. Iwo ndiwo achoka pa mpando, apita ku matepi.

"Akuti asiya ntchito ya jekete, akalowa m'chipinda cha mdima ngati mbewa," anamasulira a Dyna.

M'chigafa munkangomveka masamba a fodya, tswa, tswa, akuikidwa pa milu yake. Kenako chifuwa chija.

"Dyna, afunse akamwini. Anawauza ndani kuti ine ndimawayang'ana?"

A Mateyo anatsala pang'ono kutembenuka. A Dyna sanadikire n'komwe kuti afunse; nkhaniyi inali itawayabwa milungu isanu ndi umodzi.

"Akamwini, inu simukudziwa kanthu. Tsiku loyamba lija, eya, anakhala kutsogolo. Mutangoyamba kutsika muja, iwonso anatsika pa benchi n'kugwada pa simenti. Ife kuona akuluakulu agwada, tinagwadanso. Sitolo yonse! A Abbasi okha ndiwo anatsala chiimire ndi ketulo m'manja, kufunsa ngati kwagwa maliro a boma. Kuyambira tsiku lachiwiri, amayiwa amakhala chofulatira. Kanema kumbuyo, iwo kuyang'ana ku shelefu."

"Ndiye amangomvera mawu?"

"Mawu a chiyani! Pa shelefu paja a Abbasi amapachikapo magalasi odziyang'anira, ogulitsa aja. Pali lina lalikulu la felemu yobiriwira. Amakuonerani mmenemo. Mtsikana wina wa ku Mavwere anafuna kuligula la ukwati wake, amayiwa anamuthamangitsa ngati nkhuku."

"Galasi si maso," anatero mawu a m'chigafa, mosatekeseka. "Makolo sananenepo kanthu za galasi. Ndinafufuza."

A Nankhoma sanathere pomwepo.

"Ndipo Dyna, uwauze izi, usachotsepo kapena kuonjezera. Zaka zisanu ndi zinayi ndili ndi mkamwini wosamudziwa nkhope. Ndimamudziwa chidendene, pothawa. Chipiliro atabadwa ndinayang'ana makutu aja n'kudabwa kuti awatenga kuti, poti kwathu kulibe. Abbasi atagula bokosi lake ndinati tsopano ndiona. Ndiye milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikuyenda m'mame, miyendo yanga yomweyi, kukaona chiyani? Dazi."

"Akuti dazi," anatero a Dyna mokhutira. "Pamenepa sindinaonjezere."

"Pa mjigo anthu ayamba kundifunsa ngati mkamwini wanga ali pa mlandu. Stelia wanga akuyenda ndi manyazi. Ulemu wanji umenewo, wondichititsa manyazi kuyambira Nsanje mpaka Chitipa? Ndiye tsopano akufuna akabisale ku matepi kuti anthu anene kuti mlandu uja wawapeza?"

"Mayi Dyna," anatero a Mateyo ndi mawu aang'ono, amene oonera kanema sanawamvepo, "auzeni amayi kuti ndamva. Koma vuto ndi lakuti ndikadzutsa nkhope, maso anga adzakhala akuloza kwa iwo. Galasi likuteteza iwo. Nanga ine?"

A Dyna anatsegula pakamwa kuti abwereze, koma a Nankhoma anawadula.

"Adzaloza ku msana wanga. Msana wanga akuudziwa kale, akhala akuuona chikwatirire. Kuno kumudzi ndi mkamwini, azindiopa monga kale, asasinthe. M'bokosi muja ayang'ane msana, ine ndiyang'ane galasi, aliyense agwire ntchito yake. Shuga uja abwere kuno."

Lamulungu a Mateyo anakhala m'basi tsiku lonse osatsegula nyuzipepala imene anagula. Ankasinkhasinkha nkhaniyo uku ndi uku, kufuna pamene yaboola mwambo, ndipo pofika ku Balaka anavomera kuti sakupapeza.

Lolemba m'mawa a Chimbalanga anaima kuseri kwa kamera, manja atapinda pa chifuwa. Mmodzi wa anthu atatu osirira mpando aja anali pa khomo, atavala kale tayi. Nyimbo inalira. Nyali yofiira inayaka. Khosi la a Mateyo linayamba kupindika monga linazolowerera, ndipo a Chimbalanga anatulutsa mpweya m'mphuno. Koma a Mateyo anatseka maso kamphindi n'kuuona: msana wowongoka, mpango wa maluwa achikasu, chitenje chomangidwa pa phewa chifukwa cha kuzizira kwa Juni. Msana wodziwika bwino, umene sunawalumepo. Anatsegula maso, kudzutsa chibwano, n'kuyang'ana m'diso la kamera mwachindunji.

"Mwadzuka bwanji nonse. Nazi nkhani."

Anawerenga mphindi khumi ndi zisanu osazyolika ngakhale kamodzi. Munthu wa pa khomo uja anamasula tayi wake mwakachetechete. A Chimbalanga anangowamenya a Mateyo pa phewa potuluka, mwamphamvu pang'ono kuposa mmene zimafunikira.

Mpando umenewo a Mateyo anaukhala mpaka 2009, pamene anapuma n'kubwerera ku Mchinji kukalima mtedza ndi kuwerenganso m'tchalitchi. Amene ankawaonera zaka zimenezo amakumbukira kuti maso awo anali aulemu modabwitsa, ngati munthu amene akuyankhula ndi wamkulu. Achinyamata olowa ntchito ankawafunsa chinsinsi chake, iwo n'kumangoti munthu aziganizira amene akumuonera. Ochepa okha ndiwo ankadziwa kuti zaka zonsezo dziko la Malawi linkalandira nkhani zopita ku msana wa mayi mmodzi.

Koma tibwerere ku Lolemba lija. A Mateyo asanavule n'komwe jekete, mayi wolandira telefoni anawakodola: Mkanda. Anali a Abbasi, kumbuyo kwawo kukumveka phokoso ngati la pa msika.

"Aphunzitsi! Sitolo inadzaza mpaka pa msewu, masikono anatha nkhani zisanayambe! Amayi anapukuta galasi ndi chitenje chawo, n'kukhala phee, osaphethira mpaka mapeto."

"Anati chiyani?" anafunsa a Mateyo.

"Anangoti, 'Makutu aja ndi amenewa.' Kenako anapempha tiyi wina. Akondwa, aphunzitsi, ndikukuuzani ine. Dikirani, pali wina akundilanda telefoni... mayi, chingwe chimenecho n'chachifupi..."

Kunamveka kukokana, kapu ikugwa, kenako mawu a a Dyna, okwera ngati kuti telefoni ndi ya anthu ogontha.

"Akamwini, ntchito mwaipulumutsa, tathokoza. Koma nkhope imene mwativutitsa nayo milungu isanu ndi umodzi yathunthu ndi imeneyi basi? Bola dazi lija."